Chule wa Pulasitiki pa Madzi a Shire: Titenge Luso, Nsombayo Tiisiye

 Ndikulankhula kwa inu asodzi a kwa Kasisi, kwa Mlilima, kwa Katunga ndi kwa Maseya, kutsika ndi mtsinje wa Shire mpaka kwa Makhuwira, ku Chiromo ndi ku Nsanje. Nkhani yathu lero ndi ya nyambo. Si nyongolotsi, si ziwala, si nsima yokanda, koma chule wopangidwa ndi pulasitiki wofewa. Achinyamata ena amuona pa mafoni, ena abale awo a ku Joni awabweretsera, ndipo funso likumveka m'madoko nlakuti: kodi chinthu chimenechi chingagwire nsomba kuno kwathu?

Msodzi aliyense wa kuchigwa kuno amadziwa kumene nsomba yaikulu imabisala. Imakhala pansi pa namasupuni, m'mphepete mwa bango, pakati pa masamba a nyika, m'mathawale momwe udzu wamira. Tsono malo omwewo ndi amene zida zathu zimalephera. Mukaponya chavi, chimangoyalika pamwamba pa udzu osamira. Matchera amakodwa n'kung'ambika. Mbedza wamba imabwera itanyamula mtolo wa zinyalala, nyambo itatsala m'madzi. Chule wa pulasitiki adamupangira malo oterowo. Amayandama, ndipo nsonga za mbedza yake zimabisika pathupi, kotero kuti amatsetsereka pamwamba pa udzu osakola kanthu, mpaka nsomba itamumbwandira.

Nyamboyi idachokera ku America, kwawo kwa nsomba yotchedwa bass. Nsomba imeneyi ndi ya kukamwa kwakukulu, imakonda madzi odekha a udzu, ndipo imadya chilichonse chimene chingalowe m'kamwa mwake: tinsomba, nkhanu, achule, ngakhale tiana ta mbalame. Mu 1949 bambo wina dzina lake Nick Creme, wa mumzinda wa Akron ku Ohio, adayamba kuumba nyongolotsi za pulasitiki wofewa, ndipo kuchokera pamenepo nyambo zofewa zidachuluka mitundu, achule ali momwemo. Kumeneko kuwedza bass ndi masewera a mipikisano ndi mphotho. Bass imene idakhala pambambande zaka zambiri idagwidwa ndi George Perry mu 1932 ku Georgia, yolemera makilogalamu 10 ndi pang'ono, ndipo mu 2009 Manabu Kurita adagwira ina yofanana nayo kulemera pa nyanja ya Biwa ku Japan.

Kuno ku Malawi bass idabwera nthawi ya atsamunda, ndipo imapezeka m'madamu a kumtunda kozizira: damu la Chagwa pa phiri la Zomba, ndi madamu ena a m'minda ya tiyi ku Thyolo. Kwa anansi athu ku Zimbabwe ndi ku South Africa masewerawa ndi aakulu, ndipo masitolo a zida zowedzera amadzaza ndi nyambo zotere. N'chifukwa chake zambiri zimene zimafika m'manja mwa anyamata athu zimadzera ku Johannesburg ndi ku Harare.

Koma bass si nsomba ya m'Shire. Nsomba zathu kuno ndi mphende, mlamba, chikano, nkhonokono, dowe, vundu ndi mcheni wa mano akuthwa uja. Mathithi a Kapichira, amene ali pakhomo pathu pomwe pano, pamodzi ndi mathithi ena a kumtunda kwake, ndiwo malire amene Mulungu adaika pakati pa nsomba za m'Zambezi ndi nsomba za m'nyanja ya Malawi. Choncho tikamakamba za chule wa pulasitiki tikambe mbali ziwiri: mmene amagwirira ntchito kwa bass, kwa inu amene mumapita kumadamu a kumtunda, ndi mmene lusolo lingatithandizire ife pa mlamba. Pajatu makolo athu akhala akutchera mlamba ndi chule wamoyo kuyambira kale. Chachilendo apa si chule ayi, koma kabisidwe ka mbedza.

Tiyambe ndi kasankhidwe. Achule a pulasitiki alipo a mitundu iwiri, ndipo ogula ambiri amasokoneza.

Woyamba ndi wa mphako. M'kati mwake mulibe kanthu koma mpweya, ndipo amabwera ali kale ndi mbedza ya nsonga ziwiri zoyang'ana kumwamba, zogona m'mbali mwa msana. Mukamusiya pamadzi samira, amangoti yandaa, ngakhale mudikire nthawi yaitali bwanji. Ameneyu ndi wa pa udzu wothithikana, pamene mufunika kuyenda pang'ono n'kuima. Pogula, mfinyeni ndi zala ziwiri. Azifwaphuka mosavuta ngati chubu cha njinga chopanda mpweya, nsonga za mbedza n'kuonekera poyera. Akakhala wolimba, msiyeni, chifukwa nsomba idzamuluma koma mbedza sidzatuluka, ndipo mudzangoona madzi akuwinduka popanda chogwira. Yesaninso nsongazo pa chikhadabo: yakuthwa imakanda, yobuntha imaterereka.

Wachiwiri ndi wa thupi lathunthu, wofewa thupi lonse, wa miyendo iwiri ya mapazi opyapyala. Ameneyu amagulitsidwa m'paketi wopanda mbedza, mumamanga nokha. Mukamukoka, miyendo ija imapalasa madzi n'kumachita phokoso la thapathapa ndi thovu. Mukasiya kukoka, ambiri a mtundu uwu amamira pang'onopang'ono. Ndi wa malo a udzu wapatalipatali, m'mphepete mwa bango, ndi pamene mukufuna kufufuza dera lalikulu msanga. Kwa mlamba, uyu ndiye woyamba kumuganizira, chifukwa mlamba sudalira maso kwambiri. Umasaka ndi ndevu zake ndi kumva kugwedezeka kwa madzi, ndipo madzi athu a matope a m'Shire amafuna nyambo yodziitanira yokha.

Kukula kwake kukhale kwa chule weniweni wa m'dambo mwanu. Wa masentimita 6 kapena 7 ndi wokwanira, wolemera cha m'ma galamu 14 kuti aziponyeka patali. Pa nkhani ya mtundu, musanyengeke ndi mawanga okongola a pamsana. Amenewo amakopa wogula. Nsomba ili pansi, chimene imaona ndi mimba. Choncho mtembenuzeni chagada muone kumimba. Woyera kumimba ndi wa nthawi ya dzuwa ndi madzi oyera. Wakuda ndi wa mbandakucha, chisisira, mitambo ndi madzi a matope, chifukwa chakuda chimaoneka bwino nsomba ikayang'ana kumwamba kowala. Ngati ndalama ikukwanira chule mmodzi yekha, kuno kwathu tengani wakuda.

Tsopano kamangidwe, ndipo apa tcherani khutu, chifukwa ambiri amatayira nsomba pamenepa.

Chule wa thupi lathunthu amafuna mbedza imodzi yaikulu ya mimba yotakata, yokhota pang'ono pafupi ndi diso, nambala 4/0 kapena 5/0, ya waya wochindikala wosawongoka. Kutakatako n'kofunika chifukwa nsomba ikaluma, thupi la chule liyenera kukhala ndi kothawira kuti nsonga ituluke. Gwirani chule kumanzere, msana uli kumwamba. Lowetsani nsonga pakatikati pa mphuno, mozama ngati theka la sentimita, n'kuitulutsira pansi pa chibwano. Kankhani chuleyo akwere ndi mbedza mpaka mphuno ifike pa diso, kenaka tembenuzani mbedza kuti nsonga iyang'ane kumimba. Musafulumire kubaya. Yambani mwaigoneka m'mbali mwa thupi kuti muone pamene nsonga ifika, ikani chala pamenepo, ndipo mubaye molunjika kuchokera kumimba kutulukira kumsana. Nsonga igone pamsana. Achule ambiri ali ndi kangalande pamsanapo kobisiramo nsonga. Ngati kalibe, kokerani khungu kutsogolo pang'ono, mulowetse kansonga kokha pansi pa khungu.

Mukamaliza, mlendewetseni pachingwe mumuyang'ane. Akhale wowongoka kuyambira kumphuno mpaka pakati pa miyendo. Akapindika ngakhale pang'ono, adzazungulira m'madzi, adzapota chingwe, ndipo nsomba idzamukayikira. Akamagona chagada poyenda, funani mbedza yokhala ndi kamtovu kumimba kwake, kamene kamamukhazika bwino. Ziliponso mbedza zokhala ndi kawaya kopotana pa diso. Kameneko mumakapotera m'mphuno mwa chule, ndipo kamateteza kuti asang'ambike msanga.

Chule wa mphako safuna zambiri, koma pali tintchito titatu. Miyendo yake imakhala ya tizingwe ta labala tatitali. Tiduleni pang'ono, cha m'ma sentimita imodzi kapena ziwiri, kuti nsomba isamalume miyendo yokha. Chachiwiri, tengani pulayala mukanule nsonga za mbedza pang'ono chabe, zitalikirane ndi thupi mwa apo ndi apo. Mukapyoza muyeso ziyamba kukola udzu. Chachitatu, mukaponya kangapo muzimufinya kuti madzi amene alowa atuluke, apo ayi ayamba kumira chammbali.

Chingwe chikhale cholukidwa, chimene m'masitolo amachitcha braid, cha mphamvu ya makilogalamu 23 mpaka 30. Chingwe chimenechi sichitamuka, chimayandama, ndipo chimadula mapesi a udzu nsomba ikathawira m'kati. Nayiloni wamba amatamuka, moti mukakoka patali mphamvu yonse imathera m'njira mbedza isanalowe. Mangani chingwe molunjika pa diso la nyambo, popanda mtovu kapena choyandamitsa. Mfundo yodalirika ndi imene amaitcha Palomar: pindani chingwe pawiri, lowetsani chopindacho pa diso, mangani mfundo wamba yosakhwimitsa, pititsani nyambo yonse m'kati mwa chopinda chija, nyowetsani ndi malovu, n'kukoka mpaka ikhwime. Ndodo ikhale yolimba msana, yopitirira pang'ono mamita awiri, chifukwa simukoka nsomba yokha, mukoka nsomba ndi udzu womwe.

Ndikudziwa kuti wina kwa Kasisi akumvetsera akuti, zonsezi n'za anthu a ndalama. N'zoona kuti ndodo ya m'sitolo ndi chokulungira chingwe n'zodula. Koma luso la nyamboyi silili m'sitolo. Dulani nsungwi yokhwima ya mamita anayi, mumange chingwe cholimba chachifupi, osapitirira kutalika kwa nsungwiyo, ndipo chingwecho muchizengereze kutsika ndi nsungwi mpaka kogwirira kuti nsonga ikathyoka nsomba isapite. Muli m'bwato, mwakachetechete, gwetsani chule m'mipata ya pakati pa namasupuni n'kumamuvinitsa. Ngakhale chuleyo mungathe kusema nokha kuchokera ku patapata wakutha, miyendo n'kudula ku labala, mbedza n'kuigoneka pamsana nsonga itabisika m'kangalande. Amisiri a manja otere tili nawo m'mudzi uliwonse.

Kayendetsedwe nako kali ndi mwambo wake. Chule weniweni sagwa kuchokera kumwamba pakati pa dziwe. Amachoka kumtunda kapena patsamba. Choncho ponyani pa udzu kapena pagombe, mumukokere m'madzi mofatsa. Wa mphako muzimugwedeza ndi nsonga ya ndodo, kawiri katatu, n'kuima. Akafika pampata pamene madzi akuoneka, msiyeni akhale phee, chifukwa nthawi zambiri nsomba imamumbwandira ataima. Wa miyendo yopalasa muzimukoka mosalekeza, pa liwiro longokwanira kuti miyendo imveke. Kwa mlamba chepetsani liwiro kuposa la bass, ndipo ponyani mobwerezabwereza pamalo amodzi, makamaka pamene mwaona ukutulukira kudzapuma mpweya.

Tsono ifika nthawi imene mtima umagunda. Madzi aphulika, khuvu! Dzanja lifuna kukoka nthawi yomweyo. Musatero. Nsomba imayamba yakankha madzi ndi udzu, ndipo kawirikawiri imaphonya ulendo woyamba. Mukakoka pa phokoso, mulanda nyambo isanalowe m'kamwa. Yang'anani ngati chule wasowadi pamadzi, tsitsani ndodo, werengani kamodzi, kawiri, mumve kulemera pachingwe, ndipo pamenepo dzutsani ndodo ndi mphamvu zonse. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikaphonya, musachotse nyambo. Isiyeni pomwepo, muigwedeze pang'ono, nthawi zambiri nsomba imabwerera. Ikakodwa, mutu wake ukhale kumwamba ndipo musaipatse mpata wolowa pansi pa mizu. Pogwira mlamba samalani minga ya m'mbali ija.

Nthawi yabwino ndi mbandakucha ndi madzulo dzuwa litapendeka. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa Chikwawa kumapyola madigiri 40, nsomba imabisala mumthunzi wa udzu masana onse, ndipo chule wa mphako ndiye angaifikire. Mvula ikagwa, mlamba umakwera m'udzu womira kukaswana. Pamenepo tidzigwire mtima, titsate malamulo a komiti ya padoko ndi alangizi a zausodzi, chifukwa mlamba wa mazira ndiwo ndiwo za chaka chamawa.

Tinene mosabisa zimene nyamboyi singachite. Mphende sidya chule, kamwa lake n'laling'ono ndipo chakudya chake ndi ndere ndi zam'matope. Mcheni ungathe kumulumphira, koma mano ake amang'amba pulasitiki ndi kudula chingwe nthawi imodzi. Umenewo umafuna nyambo yachitsulo ndi kawaya kutsogolo. Ndiponso chule wa pulasitiki sangalowe m'malo mwa mono ndi matchera kwa bambo amene akudyetsa banja. Amagwira nsomba imodziimodzi. Ubwino wake ngwakuti imene amagwira ndi yaikulu, tiana amatisiya tikule. Pa chifukwa chimenechi ali kutali kwambiri ndi neti ya udzudzu imene ena akukokolola nayo mazira ndi tinsomba tomwe.

Chenjezo lalikulu ndi ng'ona. Chinthu chothapatiza pamwamba pa madzi chimaitana ng'ona monga chimaitanira nsomba. Musaime m'madzi poponya. Musakhale pamalo amodzi m'mphepete tsiku ndi tsiku. Nyambo ikakodwa pabango, musalowe kukaiwonjola ngakhale idali yodula bwanji. Mabanja ambiri m'chigwa chino alira maliro a ng'ona ndi mvuu, ndipo palibe nyambo yoposa moyo. Kumbukiraninso kuti m'kati mwa nkhalango ya Majete simuwedzedwa popanda chilolezo. Ndipo chule akang'ambika, musamutaye m'madzi. Pulasitiki saola, ndipo nsomba ikamumeza amakhala m'mimba mwake. Mutengereni kumtunda, ndipo kawirikawiri malo ang'onoang'ono ong'ambika amalumikizika ndi kachitsulo kotenthetsa.

Tsopano ndifike pa mawu amene ndikufuna asaiwalike. Munthu akakonda masewerawa, maganizo otsatira amakhala akuti: bwanji nditenge tiana ta bass ku Thyolo kapena ku Zomba ndidzaike m'dziwe langa kuno? Abale anga, chimenecho chokha tisachite. Bungwe loona zachilengedwe la IUCN lidaika bass pa mndandanda wa zamoyo 100 zoononga kwambiri zikalowa m'dera lachilendo. Ku nyanja ya Biwa komwe kudagwidwa bass yotchuka ija, nsomba za komweko zidachepa, moti kuyambira 2003 akuluakulu a deralo adaletsa kubwezera bass m'madzi ikagwidwa. Ku Western Cape, ku South Africa, mitundu ya bass idatha tinsomba ta m'mitsinje yambiri. Ndipo tonse tidamva za nyanja ya Victoria, kumene nsomba ya Nile perch, imene idaikidwamo cha m'ma 1950, idathandiza kusowetsa mitundu yambirimbiri ya nsomba za m'nyanjamo.

Wina anganene kuti dziwe lake n'lotchingidwa bwino. Kuchigwa kuno kulibe dziwe lotchingidwa. Tidaona madzi a mu Januwale 2015. Tidaona a mu 2019. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adagumula damu la Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima. Mu Malichi 2023 kudabwera namondwe Freddy. Madzi amene adagonjetsa damu la boma sangalephere khoma la dothi la kuseri kwa nyumba. Nsomba iliyonse imene mwaika m'dziwe ku Chikwawa, dziwani kuti mwaiika m'Shire, ndipo kuchokera m'Shire ilowa m'dambo la Elephant Marsh, limene mu 2017 lidalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, ndipo limadyetsa mabanja zikwizikwi. Madzi akatayika saoleka.

Onani mmene akatswiri akuopera nkhani yosakaniza nsomba. Pa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene imatenga madzi pa Kapichira, adakonza zoika chotchinga chapadera kuti mcheni wa kuno usapeze njira yokwerera kumtunda kukafika ku nyanja ya Malawi. Ngati boma likuwononga ndalama kuti nsomba yathu yomwe isadumphe malire ake, ife tingatenge bwanji nsomba ya ku America m'chidebe n'kuitsitsira kuchigwa kuno? Lamulo la zausodzi nalo limaletsa kusamutsira nsomba m'madzi amene si kwawo popanda chilolezo cha mkulu wa nthambi ya zausodzi. Amene mukufuna kuweta nsomba, pitani kwa alangizi a zausodzi ku Kasinthula, akuuzeni mitundu yoyenera madzi athu.

Tsono pempho langa ndi ili. Achinyamata a kwa Kasisi ndi chigwa chonse, phunzirani luso la chule wa pulasitiki. Sankhani wofewa, mangani wowongoka, nolani mbedza, dekhani pokoka. Alendo amene amabwera ku Majete ndi kumalo ogona a m'mbali mwa Shire amafuna wowaperekeza wodziwa madzi ndi zida, ndipo ntchito imeneyo iyenera kukhala yanu. Mukafuna bass, kwerani mtunda mukaiwedze kumadamu kumene ili kale, ndipo mubwere nayo yowamba kapena yokazinga, osati yamoyo. Mafumu athu, makomiti a m'madoko ndi alangizi a zausodzi, mukamva kuti wina wabweretsa nsomba yachilendo yamoyo m'mudzi, musadikire mvula, kaneneni ku ofesi ya zausodzi tsiku lomwelo.

 Muwedze mosamala, ndipo mubwerere kunyumba amoyo.